Ndine Mwini Nyimbo ya Kabunare

Anthu akakwera basi yathu pa Betio, nyimbo ikulira, sachedwa kufunsa, poti kuno mkazi timamuitana neiko, mwamuna nao: "Neiko, n'zoona kuti Kabunare ndi mlamu wanu?" Ndimati eya, anakwatira mng'ono wanga Aroita, tsono pindani mwendowo anzanu akhale. Ena amafuna ndiwafotokozere za ku Suva, za ku Auckland, za zikho zimene analandira. Amenewo ndimawauza kuti akafunse a nyuzipepala, amene anamuona kamodzi atavala suti n'kulemba masamba awiri. Ine ndine Tebora, kondakitala. Sukulu yanga ndi khomo la basi, ndipo zimene ndikulembazi ndinaziona ndi maso angawa. Wotsutsa atsike pompano.

Kabunare anafika ku Tarawa kuchokera kuchilumba cha Nonouti ali mnyamata wowonda ngati ndodo yowedzera, atanyamula mkeka, mpeni ndi mutu wodzaza mitambo. Makolo ake ankafuna alowe sukulu ya amalinyero, akagwire ntchito m'sitima za ku Jeremani ngati anzake. Sanakhalitse. Akuti tsiku lina ophunzira atafola, mphunzitsi analamula kuti onse atembenukire kumanja. Onse anatembenuka, iye anatsala chilili, maso ali m'mwamba. Atamufunsa anati kuli kamtambo kamene kakuyenda mosemphana ndi anzake, ndiye amafuna aone kuti kathera kuti. Anamupatsa mkeka wake.

Anakakhala kwa amalume ake, kuseri kwa nyumba yathu, ndipo iwo anamupatsa mitengo ya kokonati yoti azidula karewe. Ntchito ndi yomwe ija: m'mawa ndi madzulo kukwera, kucheka pang'ono nsonga ya duwa lomangidwa lija, kuchotsa botolo lodzaza madzi ozuna n'kukolekapo lopanda kanthu. Ndipo wodula karewe amayimba. Si nkhani ya kukonda, ndi ulemu. Munthu ali pamwamba amaona m'mipanda yonse, ndiye ayenera kumveka, kuti mkazi amene akusamba pachitsime adziwe kuti kumwamba kuli maso, afunde nsalu. Anyamata ena onse ankakuwa ngati nkhumba yomangidwa miyendo, ndipo zinthu zinkayenda bwino.

Uyu ayi. Tsiku loyamba, ine sopo ali m'mutu, ndinangomva kanthu kakuyandama m'mwamba, ngati pamene mphepo yalowa m'botolo, ngati munthu akuyankhula kutulo m'nyumba yoyandikana. Kukweza maso, ndi uyo wakhala phee pakati pa nthambi, miyendo lende, nkhope ili kunyanja.

"Nao! Ndi kuyimba kumeneko kapena ukulota? Kweza mawu tidziwe kuti kuli munthu, usanadye mwala!"

"Pepani neiko," anatero, osayang'ana n'komwe pansi. "Sindinakuoneni. Koma nyimboyi ndikaikweza ithawa."

"Ithawe! Waimanga ndani?"

Sizinatenge nthawi, nyimbo yochenjeza akazi inasanduka yowaitana. Dzuwa lisanatuluke mumapeza azimayi a mzere wathu wonse ali pachitsime, atafundiratu nsalu mpaka m'khwapa, zidebe zili m'manja, osatunga. Wina sopo ankamuumira pamsana. Mng'ono wanga Aroita, mwana wofatsa amene sankatha kuthamangitsa ngakhale galu pamphika, ankatunga madzi oti kunyumba kulibe powathira.

Patapita nthawi ndinamufunsa kumene amatenga nyimbo, poti munthu sindinamuonepo atagwira cholembera. Anati iye sapeka, amangokumana nazo. Anati mbandakucha akakwera tulo tisanamuthere, pamwamba paja pamakhala dziko lina lopanda anthu. Khutu limodzi limamva mafunde akuswa matanthwe kunyanja yakunja, lina limamva bata la nyanja yamkati, ndipo pakati pa ziwirizo chilumba chonse chimakhala ngati bwato limene eni ake agona n'kulisiya lizingopita. Utsi woyamba umakwera kuchokera m'makhitchini. Madontho a karewe amagwera m'botolo, tho, tho, tho, n'kumupatsa kayendedwe. Kenako nyimbo imadzatera panthambi ngati mbalame yochokera kutali, yotopa, ndipo chake iye n'kusaidzidzimutsa basi. Akatsika n'kufika pansi idakali m'mutu, ndi yake. Ikagwa m'njira, inali ya wina.

Ndinati, "Mlamu, ukanakhala wina ndikanati wamwa karewe wosasa." Anamwetulira, koma ndikukhulupirira kuti sanandimve.

Chaka chimene anakwatira Aroita, msuweni wake Meita, amene sukulu ya amalinyero ija iye anaimaliza, anabwera patchuthi kuchokera m'sitima ali ndi kiyibodi yonyezimira imene sankadziwa n'poyatsira pomwe. Kabunare anapita, anakhala pansi, nati, "Ndabwera ndi bubuti." Mukudziwa kuti mawu amenewo, a pempho la mwambo wathu, akatuluka palibe wokana. Wokana bubuti anthu akakumana naye amayang'ana kumbali, mpaka ana ake amanenedwa nazo. Meita anakweza nsidze kuvomera, kiyibodi inasamuka. Ndi nthawi yokhayo m'moyo wake wonse imene Kabunare anapempha kanthu kwa munthu. Ine nanga? Ine pa nthawiyo ndi kamodzi komwe ayi. Aliyense pa Betio ankadziwa kuti Tebora sapempha, chifukwa wopempha watsekula khomo lake, mawa abwera kwa iye. Langa linali lotseka ndi mpiringidzo.

Kaseti yoyamba anaijambulira m'kachipinda ka mnzake wa kwaya, mawindo atatsekedwa ndi matiresi, akudikira kuti atambala a oyandikana nawo atope. Ine ndinaitengera kubasi. Uriam, dalaivala wanga, anaiyang'ana ngati nsomba yadzana.

"Nyimbo za pamtengo? Anthu amafuna zogunda, neiko. Izi ndigona nazo pachiwongolero."

Ndinamuuza kuti akapanda kuiyika, makaseti ake onse aphunzira kusambira tikamadutsa pamsewu wa panyanja wopita ku Bairiki. Anaiyika.

Basi ya ku Tarawa siyenda chete. Muli ana, muli zidebe za nsomba, muli miseche ya zilumba zonse. Koma tsiku limenelo, titangolowa pamsewu wa panyanja, madzi atadzaza mbali zonse ziwiri, phokoso linangophwa lokha ngati mafunde akubwerera. Mawu a mlamu wanga anadzaza basi pang'onopang'ono, ndipo zinkaoneka ngati matayala asiya phula, tikuyandama pakati pa thambo lakumwamba ndi thambo lina la m'madzi. Mayi wina wa ku Nonouti anafunda nsalu kumaso. Bambo wina amene amayenera kutsika pa Bairiki anapita nafe mpaka ku Buota n'kubwerera nafe, ndipo ine, ine Tebora, ndinaiwala kumulipiritsa. Mwezi usanathe mabasi onse anali ndi kaseti imeneyo. Wailesi inabwera m'mbuyo, ikuthamangira basi.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Anamuitana ku Suva kukajambula m'chipinda chenicheni chopanda atambala. Anayimba ku Kiritimati, ku Nauru, ku Rabi, ku Auckland kumene anthu athu ankalira atavala majuzi. Amalinyero ankanyamula makaseti ake m'zikwama, ndipo wina anandiuza kuti anamva mawu a Kabunare akutuluka pawindo la sitima pakati pa chisanu cha ku Hamburg. Koma ulendo uliwonse ankaufupikitsa, chifukwa duwa la karewe likakhala osachekedwa limauma, ndipo dzanja lachilendo sililikonda. Akatsika ndege ku Bonriki, suti ili m'thupi, funso loyamba linali la mitengo.

Tsono kwathu kuno kutchuka n'kugumula mpanda. Firiji inapita ndi bubuti. Njinga yamoto inapita. Chikho chachikulu cha ku Suva chili kwa azakhali ake, amasungiramo mchere. Ndiye nyimbo! Mnyamata akafuna mtsikana ankabwera kudzakhala pansi pakhomo: bubuti, mundiikire dzina lake m'nyimbo. Wosema bwato latsopano, timu ya mpira, kwaya, mayi amene mwana wake wachedwa m'sitima, onse pakhomo pomwepo. Kabunare nsidze m'mwamba, nsidze m'mwamba, mpaka ndinkati tsiku lina zidzamuthawa pamphumi. Palibe mtsikana wa pa Tarawa amene dzina lake silinalire m'basi ndi mawu a mlamu wanga, kupatula mmodzi, mkazi wake.

Aroita anali ndi chake china. Mtengo womaliza umene Kabunare ankakwera m'mawa ndi umene unaweramira padenga lawo, ndipo pamenepo pokha ankayimba kanyimbo kena kamene sankayimba kwina kulikonse. Anakayamba sabata imene anakwatira. Kalibe mawu enieni. Kamayamba pansi ngati munthu akukumbukira kanthu, kamakwera pang'ono, n'kuima pamalo pamene ukudikira dzina, koma dzinalo osabwera. Kamangotsetsereka n'kubwerera ngati funde limene lafika pamchenga n'kusintha maganizo. Kakayamba, Aroita ankaima pomwe ali, kaya ndi ketulo m'manja, kaya akupala kokonati. Sankayang'ana m'mwamba. Ankangokhala ngati munthu amene wina wamugwira phewa kumbuyo, ndipo akudziwa kuti ndani.

Palibe ananenapo kuti ndi ka Aroita. Mzere wathu wonse unkadziwa, ndipo ana omwe sankakayimba m'njira. Mzungu wina wojambula nyimbo anakamva ali mlendo pakhomo, nachonderera masiku onse amene anakhala, koma mlendo wosadziwa kupempha mwa kwathu ndi wosavuta kumukana.

Ine kusamalizidwa kwakeko kunkandinyansa. "Mlamu, ana a eni ake umawapekera pa tsiku limodzi. Ya mkazi wako yakhala zaka zonsezi yopanda mawu bwanji?"

"Mawu ake ali m'njira, neiko. Anakwera sitima yochedwa."

Aroita anandikoka nsalu. "Musamufulumize, akulu. Akaimaliza adzatsika nayo, ndipo chilichonse chimene chafika pansi pakhomo pano chimapita."

Mng'ono wanga anaiwala kuti pali anthu ena otalika dzanja, amene amafikira ndi za m'mwamba zomwe.

Meita anapuma ntchito ya m'sitima, nabwera kudzakhazikika ndi mimba, golosale ndi mwana wamkazi woti akwatiwe, dzina lake Tiebane. Adokotala atamuletsa shuga, iye anaona kuti karewe si shuga, ndiye anayamba kulawirira kwa msuweni wake kudzatenga botolo la m'mawa. Mmenemo ndi mmene anamvera kanyimbo kaja. Sindikuti Meita ndi mfiti. Ndi munthu amene anakhalitsa pafupi ndi injini, zimene aliyense amamva popanda kuuzidwa iye samva.

Linali phwando la mwana wa m'banjamo amene anakwanitsa chaka, mu maneaba, nyumba yathu yaikulu ya misonkhano, modzaza anthu, akuluakulu atakhala m'malo mwawo. Titatha kudya, Meita anasendera kwa Kabunare, napinda miyendo, nakweza mawu kuti onse amve kuti akuchita mwaulemu.

"Msuweni, ndabwera ndi bubuti. Kanyimbo kaja umayimba pamtengo wa pakhomo pako, kopanda mawu kaja. Kakungowonongeka m'mwambamo. Uikemo dzina la Tiebane, kakalire paukwati wake."

Azimayi a mzere wathu onse anaweramitsa mitu nthawi imodzi. Kabunare anayang'ana kudenga kwa nthawi yaitali, ngati akufunafuna kamtambo kena koti kamupulumutse, koma kudenga kunali masamba ouma basi. Ndinaona nsidze zake zikulimbana zokha. Kenako zinakwera. Anthu anaomba m'manja. Aroita anali kukupiza ntchentche pambale, ndipo anapitiriza kukupiza mbale yoti nsomba inatha kalekale.

M'mawa mwake Kabunare anakwera mtengo wa padenga uja n'kuyesa. Chondipweteka mpaka lero n'choti dzinalo linakwana. Pamalo paja pamene kanyimbo kankaima kudikira, Tiebane analowa bwinobwino ngati nyumba ndi yake. Aroita anali panja akuyanika zovala. Anazianula zonse zili zonyowa, nakazichapanso.

Ine mutu unatentha. Ndinasiya basi pasiteji, anthu ali momwemo, ulendo wa kugolosale.

"Iwe Meita! Tuluka kuseri kwa zitini za nyamazo!"

"Neiko, mwadzagula kapena mwadzatsekula wailesi?"

"Dziko lonse unazungulira lija, sunapeze doko limene amagulitsa manyazi? Nyimbo zonse zili pa Tarawa pano, iwe diso pa kamodzi ka mkazi wa mwini!"

"Ka mkazi wake? Muli dzina lake? Ine ndinangomva mmm, mmm. Nanga kiyibodi ija ine ndinakana? Mwini wake wavomera anthu akuona, inu mukuvutikiranji ngati nkhuku yofungatira mazira a bakha?"

Ndinamuuza zambiri, za mimba yake, za sikelo yake, za agogo ake omwe. Anthu anadzaza mpaka pamsewu, ena anagula masikono kuti azidya akumvetsera. Ndinachoka mawu atasasa, nyimbo idakali ya Meita.

Madzulo Aroita anabwera kwanga. Sanakhale pansi.

"Akulu, mwatha? Mukufuna Kabunare azitchedwa munthu wolanda chimene wapereka? Nyimbo ija yapita. Isiyeni."

"Ndiye iwe zili bwino?"

Anayang'ana kunyanja kumene mabwato amabwerera. "Ndinkangofuna kanthu kamodzi koti ndikamva ndizidziwa kuti sakuuza wina aliyense," anatero, n'kumapita.

Masiku otsatira Kabunare ankakwera mtengo uja n'kumangokhosomola kuti anthu adziwe kuti alipo. Mzere wathu m'mawa unkakhala ngati pamaliro pamene wolira sanafike. Ine m'basi ndinkayambana ndi aliyense, ngakhale ana a sukulu.

Tsiku lina masana, tikudutsa pamsewu wa panyanja, kutentha kukuvina paphula, ndinali nditatsamira chitseko maso ali gwa pamsana pa Uriam. Dzuwa lonselo munthu wavala jekete lachikopa. Ndinaliyang'ana, ndinaliyang'ana, kenako ndinalizindikira.

"Nao, jekete limenelo si la mlamu wanga, la ku Auckland?"

"Linali lake. Mnzanga Tioti anamupempha. Ine ndinakapempha kwa Tioti."

"Tioti osakana?"

"Akane bwanji, neiko? Kodi mwabwera lero pa Tarawa?"

Ndinaponya maso panja. Nyanja yamkati inali ngati galasi lobiriwira, bwato limodzi litaima patali ngati lalendewera m'malere. Kabunare sangalande chimene wapereka. Aroita sangapemphe, chifukwa ndi nyumba imodzi ndi mwamuna wake, anthu angati ndi kulanda komweko. Koma chinthu chopemphedwa chimapemphedwanso. Pankafunika munthu wa nyumba ina woti akakhale pansi pamaso pa Meita n'kunena mawu aja. Ndinafunafuna munthu ameneyo m'basi monse, ndipo ndinapeza kuti ndi ine ndemwe.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinavala diresi langa loyera, ulendo wa kwa Meita. Ndinasankha dala nthawi imene akuchimuna anabwera kudzakambirana za ukwati, pakhomo padzaza alendo olemekezeka. Atandiona, mkazi wa Meita anayamba kuchotsa makapu ogalasi. Ine ndinadutsa chowerama, ndinakhala kumapeto kwa mkeka, miyendo yopinda, manja pamaondo. Pakamwa pomwe pamaimitsa basi ili pa liwiro panauma ngati chikho chakale.

"Ten Meita," ndinatero, ndikumutchula mwaulemu wa kwathu, ndipo anthu anasendera pafupi chifukwa sanandimvepo ndikuyankhula chapansipansi. "Ndabwera ndi bubuti."

Wina anagwetsa supuni. Meita nkhope inawala ngati wagwira nsomba yaikulu.

"Nei Tebora! Inuyo? Nenani, nenani. Mpunga? Malata?"

"Nyimbo ija munapatsidwa ndi Kabunare."

Mkazi wake ndiye analephera kupirira. "Inuyo mumayimba kodi?"

"Ayi, mayi. Koma ndikuifuna."

Meita anayang'ana alendo ake, alendo anayang'ana iye. Ndani angapereke mwana wake wamwamuna kubanja la munthu wokana bubuti? Anatafuna mpweya, anapukuta khosi. Nsidze zake zinakwera pang'onopang'ono ngati nangula wa sitima yaikulu, koma zinakwera.

"Tengani," anatero. Kenako anamwetulira, ndipo ndinadziwa kuti nthawi yanga yakwana. "Poti khomo lanu latseguka, neiko, nanenso ndili ndi bubuti. Nkhumba yanu ija."

Nkhumba imeneyo ndinailera kuyambira ili kamwana kokwana m'chidebe. Ndinkaisungira tsiku limene mwana wanga wamwamuna adzabwere ndi mkazi. Inkandidziwa mayendedwe, ikamva mapazi anga inkaimirira. Ndinakweza nsidze.

"China," anatero Meita, akusisita mimba. "Pakamwa panupo. Tsiku la ukwati mundibwereke, kuyambira m'mawa mpaka alendo atapita."

Anthu anaseka mpaka mkulu wina wakuchimuna anatsamwa. Ndinakwezanso nsidze. Ndipo ndinasunga pangano. Ukwati wonse ndinakhala duu ngati mtsuko, ndikuona nkhumba yanga ikuyenda m'mbale, anthu akubwera dala kudzandiputa. Tiebane sanaluze kanthu. Sabata yomweyo imene ndinakapempha, Kabunare anatsika mumtengo wina ndi nyimbo yatsopano, yogunda, yoti ndi Uriam yemwe anaikonda, ndipo mpaka lero palibe ukwati pa Tarawa umene umatha isanalire.

Koma ndadumpha. Tsiku lomwe lija ndikuchokera kwa Meita, diresi loyera lidakali m'thupi, ndinapita molunjika kwa mng'ono wanga. Ndinawapeza awiriwo atakhala pakhonde, Kabunare akunola mpeni wake, Aroita akuluka mkeka, osayankhulana. Ndinawauza zonse.

"Ndiye tenga nyimbo yako, Aroita. Yandidyera nkhumba."

Aroita anasiya kuluka. Misozi inatsika, koma mutu anapukusa.

"Ayi, akulu. Ikabwerera pakhomo pano, mawa kubwera wina. Nsidze zanga ndi zofewa ngati za awa. Ikhale kwa inu."

"Kwa ine? Ine mawu anga ndi ngati lata likung'ambika!"

"Sindinati muziyimba. Ndati muzisunga."

Kabunare anaika mpeni pansi. Aka kanali koyamba kumuona atadzuka kwenikweni, maso onse ali padziko lino. "Nanga ine ndiziyimba bwanji katundu wa mwini?"

"Uzibwereka," ndinamuuza. "M'mawa uliwonse, pamtengo womwewo. Ubweze usanaponde pansi. Ndipo ndikadzamvamo dzina la mwana wa munthu wina, mtengowo ndidzaudula iwe uli pomwepo."

Kuyambira pamenepo, aliyense amene wakamva kanyimboko n'kukasirira, Kabunare amamuyankha ndi mtima woyera kuti si kake, apite kwa Tebora. Tsono musaganize kuti ine ndili pamwamba pa mwambo. Munthu atakhala pansi pakhomo panga n'kunena mawu aja, nsidze zanga zikwera ngati za wina aliyense, ndipo Aroita atsala manja ali m'khosi. Ntchito yanga ndi yoti asafike pa mawuwo.

Chaka chatha kunabwera mkulu wa kwaya wa ku Bikenibeu, bambo waulemu, malaya ositasita. Ndinamuonera patali kuti wadzera chiyani, chifukwa ankayenda akuyeseza pakamwa. Asanapinde n'komwe miyendo ndinamulonjera, ndinamufunsa za amayi ake, ndinamuuza za mwendo wanga, za maenje a mumsewu, za anyamata amasiku ano amene amakwera basi ndi fungo la mowa, za Uriam ndi mabuleki ake. Akati atsekule pakamwa, ndinamuthirira karewe m'kapu. Akameza, ndinali nditayamba kale mbiri ya nkhumba yanga, kuyambira tsiku limene inabadwa. Dzuwa linasuntha, mthunzi wa nyumba unatidutsa n'kukafika kumpanda, nkhuku zinayamba kulowa. Bamboyo maso anayamba kulemera, mutu ukugwedezeka ngati ali m'bwato. Pomaliza anaimirira, nathokoza kwambiri chifukwa cha kucheza, n'kumapita. Atafika pamsewu anaima, nakanda m'mutu, natembenuka ngati munthu amene waiwala ambulera. Ine ndinali nditapuma kale mpweya wina, ndipo ndinamukuwira kuti abwerere, sindinamuuze za mwana wanga wa ku Kiritimati. Anakwera basi yoyamba imene inadutsa, ngakhale inkapita kolakwika.